Inshuwalansi ya ngongole ya nyumba inalipira, koma theka lokha

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu.

Ngongole ya nyumba yathu ya ku Matundo, mumzinda wa Tete, tinatenga awiri, ine ndi malemu bambo a kunyumba. Iwo ankagwira ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize, ine ndine mphunzitsi, ndiye banki inaphatikiza malipiro athu. Tsiku losaina anatiuza kuti popanda seguro de vida (inshuwalansi ya moyo) ndalama sizituluka, n'kutisankhitsa: aliyense atetezedwe pa ngongole yonse, kapena theka-theka. Tinatenga ya theka-theka poti inali yotsika mtengo pamwezi. Ndani amaganiza za maliro akusainira nyumba?

Bambo atatisiya, ndinkayesa kuti ngongole yapita nawo kumanda. Ayi ndithu. Pepala la ngongole lija limati aliyense wa ife ayankha pa ngongole yonse, choncho mwezi wa maliro womwewo banki inadula ndalama zake mu akaunti yanga ngati palibe chachitika. Anapitiriza kudula miyezi inayi pomwe a inshuwalansi "ankaunika". Nyenyezi imodzi yathera pamenepo.

Ina yathera pa mapepala. Certidão de óbito (chikalata cha imfa) ya ku Registo Civil (ofesi ya kalembera), kalata ya dokotala yonena chomwe chinawapha, habilitação de herdeiros (chikalata chonena olowa chuma cha malemu) ya kwa notário (wotsimikizira zikalata mwalamulo), zonsezo n'zomveka. Koma bwanji osanena zonse tsiku limodzi? Aliyense amene ndinkam'peza pa kauntala ankawonjezera chake. Mlatho wa Samora Machel ndinauwoloka mpaka kuuloweza, ndi dzuwa la ku Tete lomwe mukulidziwali, nditavala zakuda.

Pomaliza analipiradi theka la bambo, mosanyinyirika, ndipo analipira kubanki, osati m'manja mwanga. Zapamwezi zinatsika. Theka langa ndikulipirabe ndi malipiro a choko.

Chimodzi sindinachiyembekezere. Alamu anga atabwera kuchokera ku Ulongwe ndi nkhani yoti nyumba igulitsidwe tigawane, ndinangowayalira pepala la hipoteca (chikole cha nyumba). Malo ndi a boma, ife tili ndi DUAT chabe (chilolezo chogwiritsa ntchito malowo), ndipo nyumbayo ndi chikole cha banki mpaka metikali yomaliza. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Alamu, kodi theka latsalali mundithandiza kulipira?" Anamwa tiyi n'kutsazika.

Mnzanga wa kusukulu akusaina yake mwezi wamawa. Ndamuuza atenge yoteteza ngongole yonse pa aliyense, ndipo ndimuperekeza ndekha kubankiko.