Scarlett 2i2 ndi mikisa ya MG10: zida zabwino, koma a pashopu anandichititsa manyazi

Patha miyezi itatu ndikugwiritsa ntchito zida izi, ndiye tsopano ndikhoza kulankhula. Ndinagula Focusrite Scarlett 2i2, yomwe ndi interface (kachida kolowetsera mawu mu kompyuta), ndi mikisa yosakanizira mawu ya Yamaha MG10 pashopu ina ya zamagetsi m'tauni muno mu Zomba. Dzina sinditchula. Mtengonso sindinena, nonse mukudziwa mmene katundu wochokera kunja wakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Ndinasunga ndalama miyezi yambiri, mpaka mayi akunyumba anavomera kuti malata a khitchini ayambe adikira.

Cholinga changa chinali chimodzi, kujambula kwaya ya kumpingo kwathu m'chipinda chomwe ndinakonza kunyumba ku Matawale. Maiki ndili nawo anayi, koma Scarlett 2i2 ili ndi polowetsera mawu pawiri pokha. Ndinawafunsa bambo ogulitsawo maso ndi maso kuti, kodi ndikawonjezera mikisa, maiki onse anayi azikaoneka payekhapayekha mu kompyuta? Iwo osaganizira n'komwe anati, "Eee bwana, onse anayi, musadandaule." Anandipatsa nthambo ziwiri za XLR, mtundu uja wolumikizira maiki, nati ndichotse mawu pa STEREO OUT ya mikisa n'kulowetsa kutsogolo kwa interface. Anawonjezeranso kuti mawu otuluka mu interface ndiwabwezere mu mikisa pa tchanelo 7/8 kuti "muzimva zonse pamalo amodzi". Ndinalemba malangizowo kuseri kwa lisiti, ndipo lisitilo ndikadali nalo.

Loweruka lake kwaya inabwera. Anthu khumi ndi anayi, ena ochokera ku Chinamwali, ena ku Sadzi, alipira okha kabaza. Mayi wina wachikulire amene amatsogolera alito anabwera ndi mdzukulu kumsana. Chipinda n'chaching'ono, makoma ndinapachika mabulangete kuti mawu asamabwerere, kotero munali thukuta lokhalokha. Tinapemphera, ndinayatsa zonse, n'kuwauza kuti ayese ndime yoyamba. Asanamalize mzere umodzi, timagetsi tozungulira makonobo a gain (okwezera mawu olowa) pa Scarlett tinali titafiira kale, chonsecho gain ndinali nditaitsitsa mpaka pansi. Mawu m'mahedifoni ankamveka ong'ambika ngati wailesi ya mabatire otha. Ndinaganiza kuti mwina sindikumva bwino, ndiye ndinadina Direct Monitor, batani la pa Scarlett lomvetsera mawu olowa mwachindunji, n'kukweza pang'ono tchanelo 7/8 monga anandiuzira.

Abale, kulira kumene kunatuluka m'masipika sindidzaiwala. Tswiiii! Kokweza, kobaya m'khutu, osaleka. Mwana uja anadzidzimuka n'kuyamba kulira mokuwa, agogo ake anathawira panja atagwira makutu, mnyamata wa besi anagunda sitandi ya maiki n'kuigwetsa. Ine manja ali njenjenje, osadziwa konobo yoti nditsitse, mpaka ndinangozula pulagi kukhoma. Kenako kunali zii. A tcheya a kwaya, munthu waulemu wake, anangoti, "Achimwene, mwina tibwere tsiku lina mukakonzeka." Mawu amenewo anandipweteka kuposa phokoso lija. Anthu anasiya ntchito zawo, ena minda yawo, chifukwa chokhulupirira ine. Nsima imene mayi anaphikira alendo inadyedwa mwakachetechete.

Lolemba m'mawa ndinalawirira kushopu. Bambo aja anandiyang'ana ngati sanandionepo. Akuti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa, akuti mwina magetsi a kwanu ndi amene ali ndi vuto, akuti ena onse amene anagula sanadandaulepo. Nditawaonetsa lisiti lokhala ndi malangizo awo omwe, anayamba kuyankha foni. Kunena zoona, chimene chinandikwiyitsa si kulakwitsa ayi, aliyense amalakwitsa. Koma munthu kugulitsa chinthu chimene sakuchidziwa, n'kumayankha molimba mtima kuti ndalama ilowe basi, kenako n'kukukana pamaso pa makasitomala ena, chimenecho ndi chipongwe.

Ndikutuluka, mnyamata amene amathandiza pashopupo ananditsatira mpaka pamsewu. Anati, "Bambo, pepani, zida zanu zilibe vuto. Ndikaweruka ndibwera ndidzaone." Sindinamukhulupirire, koma isanakwane 6 koloko madzulo anafika pa njinga, atanyamula nthambo ziwiri m'thumba la pulasitiki.

Anandifotokozera zinthu zimene ndikanauzidwa tsiku logula. Mabowo awiri a kutsogolo kwa Scarlett amalandira mitundu iwiri ya pulagi. Ukalowetsa XLR, chidacho chimatenga kuti walumikiza maiki, ndiye chimakweza mawuwo kwambiri chifukwa mphamvu ya maiki ndi yochepa zedi. Koma mawu ochokera mu mikisa amakhala atakwezedwa kale, ali pa line level. Kuwalowetsa pa XLR kuli ngati kuthira ndowa yodzaza m'kapu, n'chifukwa chake ankang'ambika. Nthambo yoyenera ndi ya XLR mbali ya mikisa, koma mbali ya interface ikhale jeki yaikulu ya TRS, ija ili ndi timizere tiwiri takuda kunsonga. Ya kamzere kamodzi ndi ya gitala, imatola phokoso ikatalika. Batani la INST likhale lozimitsa, chifukwa limenelo ndi la gitala yolowa mwachindunji. Ndipo 48V ya pa Scarlett, magetsi otchedwa phantom power amene maiki ena amafuna, izimitsidwe. Maiki a mtundu wa condenser, amene amafuna magetsiwo, alandire phantom power kuchokera pa mikisa pomwe alumikizidwa. Ine ndinali nditayatsa 48V mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti magetsiwo ankabwerera pa nthambo za XLR kukagunda potulukira mawu pa mikisa. Mwamwayi palibe chinapsa.

Za kulira kuja anachita kundijambulira papepala. Mawu amachoka mu mikisa kupita mu interface, interface n'kuwabwezera mu mikisa pa 7/8, mikisa n'kuwatumizanso ku interface, kumangozungulira choncho akukula ulendo uliwonse. Anazula nthambo zobwererazo, masipika n'kuwalumikiza kumbuyo kwa Scarlett, mahedifoni kutsogolo kwake. Mikisa ntchito yake ikhale kusonkhanitsa maiki basi, kumvetsera kuzichitikira pa interface. Anandilangizanso kuti pojambula masipika azikhala ozimitsa ngati maiki ali m'chipinda chomwecho, komanso poyatsa zida masipika akhale omalizira, pozimitsa akhale oyambirira.

Panatsala kung'ung'uza kwapansipansi, kuja kwa magetsi a 50 Hz. Anazula chaja ya laputopu, phokoso linatha. Atatsegula ekisitenshoni yanga tinapeza kuti mulibe waya wa earth, muli mawaya awiri okha ngakhale pulagi yake ili ndi mano atatu. Imeneyo ndinagula ndekha kalekale, sindingawanamizire a shopu. Ndinagula ina yabwino, zonse n'kuzilumikiza pa soketi imodzi, ndipo panopa kuli bata.

Nditamufunsa kuti ndimulipire zingati, anakana. Anangotenga nthambo za XLR zija kuti akasinthanitse ndi zimene anabweretsa, nati akawafotokozera yekha abwana ake. Tinamukakamiza kuti adye kaye mgonero. Chifukwa cha mnyamata ameneyu mtima wanga unatsikako, ndipo sindinganene kuti musapiteko kushopuko. Katundu wawo ndi weniweni, si wachinyengo. Koma mukapita funsani mnyamatayo, osati mwini wake.

Bodza la maiki anayi lija ndiye silikonzeka. MG10 imasakaniza zonse kukhala kumanzere ndi kumanja, ndipo Scarlett 2i2 imalowetsa matiraki awiri okha mu kompyuta. Chimene ndimachita n'kupotoza PAN (konobo yokankhira mawu kumanzere kapena kumanja) ya maiki a amayi mpaka kumapeto kumanzere, ya abambo mpaka kumapeto kumanja, ndiye mu Cubase, pulogalamu yojambulira ya pa kompyuta, ndimapeza matiraki awiri osiyana. Koma sopulano akaphimba alito pojambula, palibe chimene ungachite pambuyo pake, muyenera kuimbanso. Ndikanadziwa, ndikanasunga ndalama ya mikisa n'kuwonjezera kuti ndigule interface yolowetsa maiki anayi. Amene mumajambula munthu mmodzi ndi gitala kapena kiyibodi, mikisa simukuifuna n'komwe, Scarlett payokha ikukwanirani.

Zida zokhazo ndilibe nazo dandaulo. Scarlett imadya magetsi a pa USB, ndiye magetsi akazima ndimapitiriza ndi batire ya laputopu pa maiki awiri, pamene mikisa imafuna kukhoma. Mawu ake ndi oyera, ndimajambula pa 24-bit ndi 48 kHz, ndipo ndimaonetsetsa kuti timagetsi tija tizikhala tobiriwira. Pa mikisa ndimakonda batani la HPF limene limadula mawu a pansi pa 80 Hz; maminibasi ndi malole odutsa mumsewu wopita ku Liwonde samvekanso kwambiri m'nyimbo. Kompuresa ya konobo imodzi pa tchanelo 1 ndi 2 imathandiza kwa otsogolera nyimbo amene amayamba monong'ona n'kumaliza mokuwa.

Kwaya inabweranso patatha milungu itatu, ngakhale anthu awiri sanabwere ndipo sindiwaimba mlandu. Tinajambula nyimbo zinayi. Agogo a alito aja nthawi ino mdzukulu anamusiya kunyumba, ndipo nditawaveka mahedifoni kuti amve mawu awo, anapempha kuti ndibwerezenso kawiri. Zida ndikuzipatsa nyenyezi zisanu, mnyamata uja zisanu, shopu ziwiri. Mwini wake mpaka lero sanapepese, ndipo tikakumana m'tauni amayang'ana kumbali.