Mafuta odzola a seagrass aja ndawayesa, nayi ndemanga yanga

Kwa amene mumafunsa za mafuta akumaso olembedwa seagrass extract amene akugulitsidwa pa WhatsApp muno mu Zomba, ine ndinagula kabotolo kamodzi ndipo ndadzola nyengo yonse yozizira mpaka katha. Mwachidule mafutawa ndi abwino pofewetsa khungu, koma zambiri zimene ogulitsa amalonjeza sizinachitike pa ine.

Ku Matawale kuno June ndi July mphepo yotsika m'phiri ija imandituwitsa kwambiri, masaya amachita kuthetheka ndipo m'mbali mwa mphuno mumasupuka timamba toyera. Apa mafutawa anagwira ntchito ndithu, ndi opepuka, amalowa msanga osasiya nkhope ikunyezimira, ndiye ukadzola m'mawa umafika madzulo khungu lili lofewabe. Fungo lake ndi lapatali, ngati la masamba aawisi, silinandiyabwe olo pang'ono ngakhale khungu langa silichedwa kutuluka tiziphuphu.

Koma mayi amene anandigulitsa anati mawanga akuda onse achoka chifukwa muli ma antioxidant, komanso eti ndi chimodzimodzi sea moss. Ayi ndithu si zimodzi. Sea moss ndi ndere, pomwe seagrass ndi chomera chenicheni chokhala ndi mizu, masamba ndi maluwa, chimamera pansi pa madzi osaya a m'nyanja yamchere ngati m'gombe la Mozambique ndi Tanzania, ndi udzu umene nyama zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa ma dugong zimadya ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique. Ku Chilwa kapena ku Mangochi simungaupeze, ndiye wina akakuuzani kuti wakolola konkuno akunama.

Za ma antioxidant zo si bodza ayi, udzuwu uli nawodi, mwachitsanzo mtundu wa Zostera marina uli ndi rosmarinic acid, yemweyo amene ali mu rosemary, komanso ma flavonoid. Ntchito yake mutha kuimva chonchi, mukadula peyala nkulisiya limada chifukwa cha mpweya, koma mukafinyirapo ndimu limachedwa kuda, ndiye ma antioxidant amachita zofanana ndi zimenezo, kuchedwetsa kuwonongeka kwa maselo. Vuto ndi loti kafukufuku wambiri wa seagrass anachitikira mu labu komanso pa mbewa, ngati wina wa ku Cuba wa mtundu wa Thalassia testudinum pa khungu lopsa ndi kuwala kwa UV (cheza cha dzuwa chimene chimawotcha khungu), si kuti anayesa kabotolo kamene ine ndinagulaka pa nkhope za anthu. Ndipo pa lebulo seagrass yo inalembedwa kumapeto kwenikweni, pamwamba pali madzi ndi glycerine, kutanthauza kuti muli kochepa chabe. Ine ndikuganiza kuti kufewa kuja wachita ndi glycerine.

Mawanga anga a ziphuphu zakale alipobe monga analili. Komanso chonde azimayi anzanga musawatenge ngati sunscreen, palibe SPF (nambala yosonyeza mphamvu yoteteza ku dzuwa) iliyonse yolembedwa, dzuwa la October likuwotchani basi.

Mtengo ndiye wakwera kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa kabotolo, ndalama yomweyo mutha kugula glycerine ndi mafuta wamba mumsika waukulu nkutsalako yandiwo. Ndikuwapatsa nyenyezi 3 mwa 5. Ndingagulenso akatsitsa mtengo, ndipo ngati mwagula kale yambani mwadzola pang'ono pamkono muone ngati sakukuyabwani musanafike nawo kumaso.