Ufa wa D-mannose: ufawo ulibe mlandu, koma kapepala ka wogulitsa n'koopsa

Nyenyezi 2 pa 5. Botolo la D-mannose, shuga amene anthu amamwa pofuna kupewa matenda a m'njira ya mkodzo, lafika lomata bwino, ufa ndi woyera, wotsekemera pang'ono, ndipo umasungunuka msanga m'madzi. Kasupuni kake kalibe muyeso, ndiye magalamu 2 a pa tsiku munthu ayeza bwanji? Pa mtengo wake n'zosamveka.

Chandipsetsa mtima ndi kapepala kamene wogulitsa waika m'katoni, koti ufawu umapha tizilombo tonse ta m'njira ya mkodzo, moti maantibayotiki mutha kuwasiya. Bodza lamkunkhuniza! Ufawu supha bakiteriya ngakhale mmodzi.

E. coli, bakiteriya amene kawirikawiri amayambitsa matenda a m'njira ya mkodzo, ali ndi tiubweya totchedwa pili. Ka mtundu woyamba ndi kandodo kopotana, kokhuthala mananomita 7 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), komangidwa ndi tizidutswa ta puloteni FimA pafupifupi 1,000. Kunsonga kuli mapuloteni FimF, FimG, kenako FimH, amene ali ndi kathumba kogwirira shuga wa mannose wa pa uroplakin, puloteni ya pa khungu lamkati mwa chikhodzodzo. Mkodzo ukamakoka, FimH amakanirira kwambiri ndipo kandodo kaja kamatambasuka osaduka, n'chifukwa chake kukodza pakokha sikuchotsa bakiteriyayo. Ntchito ya ufawu ndi kudzaza kathumbako kuti bakiteriya asowe pogwira, atuluke ndi mkodzo. Basi.

Tsono E. coli wokwera ku impso nthawi zambiri amagwira ndi pili a mtundu wa P, omwe nsonga yake, PapG, imafuna shuga wina wotchedwa galactose, osati mannose. Mabakiteriya ena oyambitsa matendawa, Enterococcus ndi Staphylococcus saprophyticus, alibe FimH n'komwe. Munthu wotentha thupi, wosanza, womva kuwawa m'mbali mwa msana akasiya mankhwala chifukwa cha kapepala aka, matenda akhoza kulowa m'magazi. Amayi oyembekezera ndiye asayerekeze.

Kunena chilungamo, ganizo lotseka FimH si lachabe, ndipo ufawo ukuoneka wosasakaniza. Komabe kafukufuku wa ku Britain wa 2024, wa amayi 598 omwe matendawa amawabwererabwerera, anapeza kuti magalamu 2 pa tsiku kwa miyezi 6 sanathandize kwenikweni: 51 pa 100 aliwonse anadwalanso, pomwe mwa omwa ufa wongoyerekeza anali pafupifupi 56.

Wogulitsa atafunsidwa za kapepalako anangoyankha kuti makasitomala ena sadandaula. Akachotse, aikemo supuni yokhala ndi muyeso, nyenyezi zifika 3.