Miyezi isanu ndi inayi ndi Total War: Rome II, gemu imene ndailipira kawiri

Mlamu wanga anandifunsa sabata yatha ngati n'koyenera kuti amugulire mwana wake wa ku sekondale gemu imene amandipeza ndikusewera akabwera kudzacheza madzulo, ndipo ndinalephera kumuyankha mwachidule, chifukwa funso lake linafika patangopita masiku ochepa ndilipireni gemu yomweyo kachiwiri. Mtima unali usanakhale pansi, moti ndikanayankha tsiku limenelo ndikanamuuza kuti asataye ndalama zake. Tsopano popeza ndayambiranso kusewera ndipo mkwiyo watsika, ndaona kuti ndilembe zonse bwinobwino, kuti iye ndi ena amene akuganiza zogula adziwe chimene ndapeza kuyambira mwezi wa Okutobala chaka chatha.

Total War: Rome II inapangidwa ndi kampani ya ku England yotchedwa Creative Assembly, ndipo inatuluka mu Seputembala 2013. Mtundu umene ukugulitsidwa masiku ano ndi Emperor Edition, umene unabwera m'chaka cha 2014. Nkhani yake yaikulu imayamba m'chaka cha 272 Khristu asanabadwe, pamene Roma anali asanatuluke n'komwe m'dziko la Italy, ndipo wosewera amasankha mtundu wa anthu woti autsogolere, kaya Aroma, a ku Carthage, a ku Macedonia, Aiguputo, a ku Parthia kapena mafuko a kumpoto monga Arverni, Suebi ndi Iceni. Masewerawo ali ndi mbali ziwiri. Pa mapu aakulu munthu amamanga mizinda, amakhometsa msonkho, amachita mapangano ndi maufumu ena ndi kuyendetsa magulu a nkhondo, ndipo akamaliza amadina batani, chaka n'kutha. Magulu awiri akakumana, gemu imamutsitsira pabwalo la nkhondo pamene amalamulira asilikali zikwi zingapo nthawi imodzi.

Zambiri zimene zimagwira bwino sindichedwa nazo. Zithunzi zake zikadali zokongola ngakhale kuti gemuyi yapitirira zaka khumi. Nkhondo imatha kuimitsidwa kaye kuti munthu aganize, zimene zinandithandiza kwambiri m'miyezi yoyamba. Gemu ikangolowa pakompyuta, munthu amatha kusewera yekha popanda intaneti, choncho siidya bandulo tsiku ndi tsiku. Mawu onse ndinkawawerenga m'Chingerezi, ndipo si ovuta kwa mwana wa fomu 3.

Chimene sindinkachiyembekezera, ndipo ndicho chandisunga pa gemuyi miyezi yonseyi, ndi m'mene yandiphunzitsira kuti nkhondo imayendera thumba ndi nkhokwe. Ndinayamba ndi Aroma monga amachitira pafupifupi aliyense, ndipo zinkayenda mosavuta chifukwa asilikali awo a pansi ndi olimba. Mu Disembala ndinasankha Carthage, mzinda wamalonda wa kumpoto kwa Africa umene mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaona kuya kwa masewerawa. Carthage ili ndi zombo ndi madoko, koma pa nkhondo ya pamtunda imadalira kwambiri asilikali aganyu: oponya miyala ndi gulaye ochokera ku zilumba za Balearic, okwera pa akavalo a ku Numidia, ndi amalupanga a ku Iberia, dera limene lero ndi Spain ndi Portugal. Asilikali otere amalembedwa nthawi yomweyo popanda kudikira chaka, koma malipiro awo a chaka ndi chaka ndi okwera kwambiri poyerekeza ndi a asilikali a mumzinda mwako.

Usiku wina, m'zaka za m'ma 250 za m'gemumo, magulu awiri a Aroma anaoloka kulowa pachilumba cha Sicily n'kulunjika pamudzi wanga wa padoko. Mu gemuyi likulu la chigawo lokha ndilo limakhala ndi linga, kotero mudzi umenewu unali poyera. Ndinali ndi kazembe mmodzi, magulu anayi a asilikali a mikondo a ku Libya ndi gulu limodzi la njovu, ndipo ndinaona kuti palibe njira ina koma kukhuthula chuma chonse cha boma n'kulemba aganyu onse amene analipo m'deralo. Ndinaika a mikondo pakamwa pa misewu iwiri yolowera pabwalo la pakati, oponya miyala kumbuyo kwawo, ndipo okwera pa akavalo ndinawabisa kunja kwa mudzi kuti azungulire adani akadzaza m'misewu. Zinayenda monga ndinakonzera kwa mphindi pafupifupi khumi. Kenaka ndinapupuluma, n'kutulutsa njovu adani asanatope, ndipo Aroma anazilasa ndi nthungo mpaka zinalusa, zinatembenuka n'kuyamba kupondaponda asilikali anga omwe. Gemuyi ili ndi lamulo lakuti oyendetsa njovu aziphe zikafika potero, ndipo ndinalipereka ndi chisoni, chifukwa njovuzo ndinazilipira ndalama za zaka zingapo. Pambuyo pake ndinawerenga kuti zimenezi zinalikodi, kuti oyendetsa njovu a Hasdrubal, mng'ono wake wa Hannibal kazembe wotchuka wa Carthage, ankanyamula tchizulo ndi nyundo za ntchito yomweyo.

Nkhondo ija ndinapambana, okwera pa akavalo atamenya Aroma kumbuyo n'kupha kazembe wawo, ndipo ndinagona mokondwa. Mavuto anayamba m'mawa mwake. Malipiro a aganyu aja anaposa msonkho umene ndinkatolera, ndipo sindinafune kuwachotsa chifukwa gulu lina la Aroma linali tsidya la nyanja. Ndinakweza msonkho, anthu a m'mizinda ya ku Africa n'kuyamba kudandaula. Ndinagwetsa munda m'mudzi wina kuti ndimangepo nyumba yobweretsa ndalama, chakudya n'kuperewera m'dziko lonse. Patapita zaka zinayi chuma cha boma chinauma, asilikali anayamba kuchepa okha popanda kumenya nkhondo, ndipo gulu la oukira linadzuka pafupi ndi Carthage penipeni. Sicily amene ndinamuteteza ndi magazi aja ndinamusiya ndekha kuti ndikapulumutse kwathu.

Zimenezi zinandikhumudwitsa mpaka ndinasiya kusewera kwa sabata yathunthu, koma m'sabata yomweyo ndinayamba kuwerenga mbiri yeniyeni, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ndinali nditayenda m'mapazi a anthu a ku Carthage enieniwo. Nkhondo yawo yoyamba ndi Roma inayamba m'chaka cha 264 n'kutha mu 241 Khristu asanabadwe, ndipo anataya Sicily n'kulamulidwa kulipira chindapusa chachikulu. Asilikali aganyu atabwerera ku Africa n'kupeza kuti boma likuzengereza kuwalipira, anaukira pamodzi ndi anthu a ku Libya amene anatopa ndi msonkho, ndipo Hamilcar Barca, bambo wake wa Hannibal, anamenya nawo nkhondo yoopsa kwa zaka zoposa zitatu. Roma anapezerapo mpata n'kulanda Sardinia. Palibe pamene gemu inandiuza nkhaniyi m'mawu, koma malamulo ake a ndalama, chakudya ndi mtendere wa anthu anandikankhira m'dzenje lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo zaka monga 218, pamene Hannibal anaoloka mapiri a Alps, 216 ya nkhondo ya ku Cannae, 202 ya nkhondo ya ku Zama ndi 146 pamene Carthage inawonongedwa, zinasiya kukhala manambala ongoloweza. Ndinayambiranso ndi Carthage mu Januwale, ulendo uno ndikumanga madoko ndi minda poyamba, kulemba aganyu pokhapokha nkhondo ili pakhomo ndi kuwamasula ikangotha, ndipo ufumu umenewo ndi umene ndikuusewerabe mpaka lero.

Pali zinthu zimene ndazolowera koma sindinazikonde. Ufumu ukakula, ndale za mabanja akuluakulu a mumzinda zimafuna kuziyang'anira chaka chilichonse, apo ayi nkhondo yapachiweniweni imabuka, ndipo ineyo mbali imeneyi imanditopetsa kuposa kundisangalatsa. Nkhondo za panyanja ndimazisiyira kompyuta kuti iweruze yokha, chifukwa sindinaphunzire kuyendetsa zombo zambiri nthawi imodzi. Vuto lina linali la makina anga. Laputopu yanga ndi yakale, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala inkazima yokha pakati pa nkhondo zikuluzikulu. Wokonza makompyuta atatsuka fumbi mufani ndi kusintha mankhwala oziziritsa purosesa, ndiponso nditatsitsa ubwino wa zithunzi, sinazimenso, ngakhale kuti kudikira kuti maufumu ena onse amalize kuyenda pakutha pa chaka kumanditengerabe nthawi yoti n'kuwiritsa madzi a tiyi.

Nkhani imene inandipweteka ndi ya wogulitsa. Gemuyi ndinaipeza pa shopu ina ya m'tauni pamene ndinagula laputopu, ndipo mwini wake anandiuza kuti ndikawonjezera ndalama andiikira gemu yeniyeni, yosabedwa, pamodzi ndi zowonjezera zake. Ndinalipira, iye n'kuiika kudzera pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu a pakompyuta, koma pa akaunti imene sinali yanga, ndipo anandilangiza kuti ndisamalumikize Steam ku intaneti. Nditapempha mawu achinsinsi a akauntiyo anandiyankha kuti, "Musadandaule bwana, chikavuta chilichonse mungobwera nayo kuno." Panthawiyo sindinkadziwa kuti akaunti imodzimodziyo amaiika pa makompyuta a makasitomala ambiri, ndiponso kuti malamulo a Steam salola kugulitsa kapena kubwereketsa akaunti mwa njira imeneyi.

Mu Malichi, Steam inapempha kuti ndilowenso. Ndinanyamula laputopu, ndinakwera minibasi, ndipo iye analowetsa mawu achinsinsi atatembenuzira makinawo kumbali, n'kundilipiritsa kandalama kena kamene anati n'ka ntchito. Mu Juni zinachitikanso, ndipo ulendo uno anakhala ndi laputopu yanga masiku asanu. Tsiku lililonse ndikaimba foni ankati ndibwere mawa, mpaka pomaliza anavomera kuti akauntiyo sakuthanso kulowamo, chifukwa nayenso anaigula kwa munthu wina wa pa intaneti amene anasintha mawu achinsinsi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ine ndinalipira gemu yoti ikhale yanga, osati yobwereka, ndiye mundibwezere ngakhale theka." Anakana, akunena kuti miyezi isanu ndi itatu imene ndinasewera yakwanira pa ndalama zanga, ndipo m'malo mwake anafuna kundiikira gemu yobedwa kwaulere. Ndinakana, chifukwa laputopu yomweyo ndi imene ndimagwirira ntchito za ku ofesi ndipo sindikanaika pachiswe mafayilo anga. Risiti imene anandipatsa inali ya laputopu yokha, choncho ndinalibe pogwira.

Ndinakhala masabata awiri ndikuganiza zongoisiya. Chimene chinandibweza ndi ufumu wanga wa Carthage uja, umene ndinali nditaumanga kwa miyezi isanu ndipo unali utafika ku Iberia. Kumapeto kwa Juni Steam imatsitsa mitengo ya magemu ambiri, ndipo Rome II inali m'gulumo. Ndinatsegula akaunti yangayanga, mnzanga wa kuntchito amene ali ndi khadi yotha kulipira zinthu za kunja anandilipirira, ine n'kumubwezera makwacha. Ndalama zimene ndinapereka zinali zochepa kuposa zimene ndinapereka ku shopu kuja, osawerengera za minibasi ndi za ntchito zija. Popeza mafayilo a gemu anali kale mulaputopu, sindinafunike kukoperanso zonse, zimene zikanandidyera bandulo yaikulu, pakuti gemuyi imafuna malo okwana 35 GB. Nditatsegula ndinapeza ufumu wanga wa Carthage uli momwe ndinausiyira. Chimene ndinataya ndi masewera ena amene ndinayamba ndi ufumu wa Kush, wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile m'dziko limene lero ndi Sudan, chifukwa Kush ili m'chowonjezera cha Desert Kingdoms cha mu 2018 chimene chimagulitsidwa pachokha, ndipo ine ndinakwanitsa kugula gemu yaikulu yokha.

Kwa mlamu wanga ndayankha kuti amugulire mwanayo, malinga laputopu ya kunyumba kwawo ili ndi mphamvu zokwanira ndipo agwirizana za maola osewera, chifukwa gemuyi imadya nthawi ndipo mwanayo ali ndi mayeso a fomu 4 chaka chamawa. Ndamuuzanso kuti adikire Disembala pamene mitengo imatsikanso, atsegule akaunti m'dzina lake ndi imelo yake, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense amene akukana kumupatsa mawu achinsinsi. Pa mtengo umene ndinalipira ulendo wachiwiri, sindikudziwa chinthu china chimene chandisangalatsa ndi kundiphunzitsa kwa miyezi yochuluka chotere. Ndikaphatikiza ndalama zonse ziwiri ndimamvabe kuwawa, ndipo ku shopu kuja sindidzagulanso kanthu, ngakhale chingwe cha chaja. Desert Kingdoms ndidzaigula mu Disembala momwemo ngati thumba lidzalola, kuti ndikapitirize ndi Kush pamene ndinalekezera.