Zaka zitatu pa shared hosting: nyenyezi zitatu basi

Ine ndine wojambula zithunzi, za makompyuta ndimangodziwa pang'ono pondikwanira. Webusaiti ndinaifuna nditatopa ndi kutumizira makasitomala zithunzi pa WhatsApp, kumene zimafika zitafinyidwa mpaka nkhope kumaoneka ngati zajambulidwa mu nkhungu. Kampani imene inandisungira webusaitiyo kwa zaka zitatu sindiitchula dzina, poti zina zimene ndinene si zokoma. Ndipotu dzinalo silingakuthandizeni kwenikweni, chifukwa phukusi lawo n'lofanana ndi limene makampani ambiri a hosting amayamba kukuonetsani mukangofika pa tsamba lawo.

Kwa amene simunayambe, hosting ndi lendi. Webusaiti ndi mulu wa mafayilo, ndipo mafayilowo amafuna kompyuta yosazima usana ndi usiku, yolumikizidwa ku intaneti nthawi zonse. Kompyutayo ndiye seva. Webusaiti yoyamba padziko lonse, ya Tim Berners-Lee ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, imene anthu anaidziwa mu 1991, inkakhala pa kompyuta imodzi ya NeXT yomatidwa kapepala kochenjeza kuti wina asaizimitse. Mpaka lero nkhani ikadali yomweyo, kungoti ife timalipira anthu ena kuti azilondera switchiyo. Pa shared hosting seva imodzi mumagawana anthu ambirimbiri, ngati alendi a pa mdadada umodzi otunga pa mpopi umodzi. Mnzako akatsegula kwambiri, kwa iwe amangodontha.

Chaka choyamba ndinalibe dandaulo. Nditangolipira anandipatsa cPanel, tsamba loyendetsera akaunti yanu ya hosting, ndipo mkati mwake munali Softaculous, chida choikira mapulogalamu, imene inandiikira WordPress, pulogalamu yopangira webusaiti, ndisanamalize n'komwe kuwerenga imelo yondilandira. Za PHP ndi MySQL, zimene WordPress imadalira, sindinazikhudze ndi dzanja langa. Chinanso chimene ndimawayamikira ndi SSL, satifiketi imene imateteza uthenga pakati pa webusaiti ndi woiwerenga, adiresi n'kumayamba ndi HTTPS. Ankagwiritsa ntchito satifiketi yaulere ya Let's Encrypt, imene inkatha pakapita masiku 90, koma inkadzikonzanso yokha ine osadziwa. Musaipeputse nkhani imeneyi: kuyambira mu July 2018, Chrome imalemba chenjezo pa webusaiti iliyonse yopanda HTTPS kuti si yotetezeka, ndipo kasitomala akaona mawu amenewo sadikira kuti mumufotokozere. Kampani imene ikukugulitsani SSL wamba padera masiku ano, ine ndingaidutse.

Pa tsamba lawo analonjeza kuti seva izikhala yoyaka 99.9% ya nthawi. Nambalayi imamveka ngati yokwana, koma ikhalireni pansi ndi cholembera. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye kachigawo kotsalako ndi maola pafupifupi 9 pa chaka, kapena mphindi 43 pa mwezi, ndipo akazima nthawi yonseyo amakhala sanaphwanye lonjezo. Kunena chilungamo, webusaiti yanga sinkazimazima. Vuto lake linali kulemera. Madzulo ena tsamba linkatseguka ngati likukwera phiri, ndipo kuchedwa koteroko sikuwerengedwa kuti seva yazima.

Mawu amene anandikola anali akuti malo osungira mafayilo alibe malire. Kwa munthu wa zithunzi, amenewo ndi mawu okoma kwambiri. Chaka chachiwiri chili mkati ndinalephera kukweza chithunzi ngakhale chimodzi, maimelo nawo anasiya kulowa. Nditafunsa, anandiuza kuti ndadzaza ma inode. Ine ma inode ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Ndinadzazindikira kuti sawerenga kukula kwa mafayilo koma kuchuluka kwake: fayilo iliyonse, foda iliyonse, imelo iliyonse ndi inode imodzi. Tsono WordPress ukaipatsa chithunzi chimodzi imapanganso tina tingapo ta misinkhu yosiyanasiyana, theme, imene imapatsa webusaiti maonekedwe, nayo n'kuwonjezera take. Chithunzi chimodzi cha ine chinkabereka ana mwina khumi. Malirewo analembedwa ndithu, m'katikati mwa malamulo aja timangodina kuti tavomereza, choncho mlandu tinagawana. Koma kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti palibe malire, malirewo n'kuwabisa pansi, sindikutcha chilungamo. Tsiku lina nditatumiza ulalo wa zithunzi kwa gulu lalikulu nthawi imodzi, anthu anakumana ndi Error 508, kutanthauza kuti ndapyola gawo langa la mphamvu za seva. Tsiku lenileni limene ndinkafuna webusaiti igwire ntchito ndi limene inagona.

Othandiza makasitomala pa chat ankayankha msanga, ulemu analinso nawo. Funso likakhala lapafupi, monga kusintha pasiwedi kapena kutsegula imelo yatsopano, ankalithetsa pompo. Likangozama pang'ono ankakutsegulira tikiti, ndipo yankho lake nthawi zambiri linkathera pa kukulangiza kugula phukusi lokwererapo.

Za mtengo ndingoti chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama imene imalembedwa pa tsamba loyamba ndi yokulowetsani pakhomo. Nthawi yolipiranso itakwana, bilu inabwera yonenepa moti ndinayamba ndaganiza kuti alakwitsa. Musanalipire, funani pamene alemba mtengo wa chaka chotsatira, ndipo muone ngati sanakuikireni zoti azidula okha pa khadi lanu.

Chimene chinandisamutsa kwenikweni ndi backup, kope la webusaiti losungidwa kuti mudzaibwezeretse ikaonongeka. Usiku wina ndinadina kuti pulagini ina, kapulogalamu kowonjezera pa WordPress, ikhale yatsopano, webusaiti yonse n'kusanduka tsamba loyera mbee. Sindinade nkhawa, poti phukusi langa linkati amasunga backup. Kufunsa, ndinapeza kuti imene ilipo ndi ya masiku angapo m'mbuyo, kuibwezeretsa n'kolipira, ndipo malamulo awo amanena poyera kuti kusunga mafayilo ndi udindo wa mwini webusaiti. Ndinalipira, ntchito ya sabata imeneyo n'kuibwereza. Chinandiopsa kwambiri n'chakuti palibe amene anatha kundiyankha bwinobwino nditafunsa kumene backup imakhala, ngati ndi pa seva yomweyo kapena kwina. Funsoli si lachibwana. Mu March 2021 moto unapsereza imodzi mwa nyumba za maseva za OVHcloud ku Strasbourg, ndipo ena amene backup yawo inali pamalo omwewo anataya zonse. Backup yogona nyumba imodzi ndi webusaiti imapsa nayo limodzi.

Posamuka ndi pamene ndinaona phindu la chinthu chimodzi chimene ndinachita bwino mwangozi: domain, adiresi ya webusaiti, inalembedwa m'dzina langa, ndi imelo yanga. Domain ndi hosting ndi zinthu ziwiri, ngakhale amakonda kuzimanga mtolo umodzi n'kunena kuti domain ndi yaulere chaka choyamba. Ikalembedwa m'dzina la kampani kapena la munthu amene anakupangirani webusaiti, tsiku lofuna kuchoka mudzachita kupempha adiresi yanu yomwe. Ine ndinangopempha EPP code, chinsinsi chosamutsira domain ku kampani ina, anandipatsa osavuta, apa ndiwayamikenso. Dziwaninso kuti domain ya .com yongolembetsa kumene siisamutsika mpaka patapita masiku 60. Mafayilo ndi database ndinazikopera ku seva yatsopano, n'kusintha ma nameserver, amene amalozera domain ku seva yake, ndipo kwa tsiku limodzi ena ankaona webusaiti yakale pamene ena ankaona yatsopano. Akaunti yakale musaitseke msanga, idikireni masiku awiri kapena atatu.

Nyenyezi zitatu pa zisanu ndikuwapatsa ndi mtima woyera. Ngati webusaiti yanu ndi ya masamba ochepa, yongouza anthu chimene mumachita ndi mmene angakupezereni, phukusi lotereli likukwanirani, ndipo kuthamangira VPS, gawo la seva limene mumaliyendetsa nokha ngati seva yanuyanu, kungakhale kudzisenzetsa katundu, chifukwa kumeneko zotetezera seva ndi kuikonza zimagwera inuyo pokhapokha mutalipira kuti azikuyang'anirani. Ineyo ndinapita ku phukusi lina la shared hosting lomwelo, koma la kampani imene inalemba chiwerengero cha ma inode poonekera ndiponso imalola kubwezeretsa backup ndekha mu cPanel. Zithunzi zikuluzikulu ndinazichotsa pa seva, pa webusaiti ndimangoika zochepetsedwa. Lamlungu lililonse madzulo ndimatsitsa kope la webusaiti yonse n'kuliika pa hard drive imene imakhala m'chikwama cha kamera.