Intaneti ya dishi ku Salima: dzinja ndi mwera zadutsa, koma IPv6 idakali ya mbali imodzi

Nditangokweza dishi ya Starlink padenga la nyumba yathu kufupi ndi Kamuzu Road, ndinayamikira liwiro lokha, ndipo ndinati ndidzanenanso ikadzaona mvula ndi mphepo ya kuno kunyanja. Tsopano dzinja lapita, mwera wa June ndi July waomba mpaka kutha, ndiye ndinganene mtima uli m'malo. Dishiyi ndikhala nayo. Koma chimene ndinaigulira kwenikweni chatheka theka lokha, ndipo chifukwa chake sichili padenga langa ayi.

Ndiyambe ndi zimene anthu amakonda kundifunsa. Mwera sunaisunthe, chifukwa tinaimanga pa chitsulo cholimba, kutali ndi mtengo wa mango. Imafuna thambo loyera, ndiye amene muli ndi mitengo yambiri pakhomo muyambe mwaona malo musanatulutse ndalama. Mitambo yochindikala imafooketsa chilichonse chochokera ku satelayiti, ngakhale TV, choncho rauta yakale ya 4G sindinaitaye, imakhala pambali ndi kabandulo kakang'ono. Chofunika kuchiwerengera bwino ndi magetsi. Dishi yaikulu imadya pakati pa mawati 50 ndi 100, pamene rauta ya SIM khadi imangonyambita. Ife tinawonjezera batire pa sola ya pakhomo kuti magetsi akazima ana apitirize kuwerenga. Malipiro a pamwezi si a aliyense, ndipo sindingauze munthu amene amangofuna WhatsApp ndi Facebook kuti agule. Kwa wotereyo bandulo ya TNM kapena Airtel ndi yokwana.

Ine vuto langa linali lina. Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito ku Lilongwe, mayi a kunyumba ndi amene amayendetsa golosale yathu yomwe ili kutsogolo kwa nyumba. Tinaika makamera, ndipo ndinkafuna kumaona pakhomo ndili kutali, makamaka usiku. Pa rauta ya 4G zinkakana. Mnyamata amene anatiikira makamera anatsegula madoko (ports, makomo olowera kuchokera kunja) onse ofunika mu rauta, koma ayi ndithu. Kenaka anandionetsa adiresi ya pa intaneti imene rautayo inalandira, yoyamba ndi 100.64, nati, "Bambo, apa sitingachite kanthu. Adiresi imene dziko likukuonerani si yanu nokha, muli anthu ambirimbiri."

Apa m'pamene pagona nkhani. Maadiresi akale a intaneti, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ochepa kuposa anthu a padziko lapansi. Nkhokwe yaikulu ya maadiresiwa padziko lonse, ya bungwe la IANA, inagawa otsala ake omaliza mu February 2011. Makampani ataona kuti maadiresi sakukwana, anayamba kuika makasitomala ambiri kumbuyo kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Zili ngati kale pamene mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi la ku positi la sukulu. Ukalemba kalata, yankho limakupeza chifukwa aphunzitsi aakulu akudziwa kuti ndi yako, koma kalata yongolembedwa nambala ya bokosi popanda dzina imasowa mwini. Kuonera YouTube kumatheka chifukwa mwayamba ndinu kupempha. Kulowa mu kamera yanu kuchokera kunja kumakanika chifukwa pempholo likafika pa adiresi ya gulu silidziwa khomo lolowera. N'chifukwa chakenso nthawi zina intaneti imakufunsani kangapo kuti mutsimikize kuti ndinu munthu. Wina amene mukugawana naye adiresi akachita zokayikitsa, nonse mumakayikiridwa.

Mankhwala ake analipo kalekale. IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a intaneti, inalembedwa bwinobwino mu 1998, adiresi yake ndi yaitali, ya mabiti 128 m'malo mwa 32, ndipo maadiresi ake ndi ochuluka moti foni, kompyuta ndi kamera iliyonse m'nyumba ingakhale ndi yakeyake. Pa 6 June 2012 makampani akuluakulu monga Google ndi Facebook anaiyatsa kuti isadzazimenso. Lero pafupifupi theka la anthu ofika pa Google amadzera pa IPv6. Ku India, kampani ya mafoni ya Jio itayamba mu 2016 inamanga netiweki yake pa IPv6 kuyambira pachiyambi, ndipo dzikolo lili m'gulu la otsogola. Ndiye si nkhani ya mayiko olemera okha.

Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, nayonso imagwiritsa CGNAT pa IPv4 ya makasitomala a pakhomo, koma pambali pake imapereka IPv6, gulu lonse la maadiresi ku nyumba imodzi. Ichi n'chimene chinandikopa, ndipo miyezi yonseyi chakhala chikugwira. Kuti muthe kulowa kuchokera kunja ndi bwino kukhala ndi rauta yanuyanu imene mungasinthe malamulo a firewall (mlonda wosankha zololedwa kulowa kuchokera kunja), ya Starlink n'kuiika pa bypass mode kuti izingodutsitsa intaneti kupita ku rauta yanuyo. Ife tinatero. Chojambulira makamera chathu chakale sichinkadziwa IPv6, tinachisintha. Ogula makamera otchipa m'mashopu, funsani zimenezi musanalipire, chifukwa pa katoni salembapo kawirikawiri.

Zonse zitakonzeka, tinayesa kuchokera kwa mnzanga wa ku Senga Bay amene nayenso ali ndi dishi. Chithunzi chinabwera nthawi yomweyo, choyera, golosale yonse ikuoneka. Koma nditafika ku Lilongwe n'kuyesa pa data ya foni yanga, palibe chinatseguka. Pa Wi-Fi ya ku ntchito, chimodzimodzi. IPv6 imafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale nayo, ndipo foni yanga inkalandira IPv4 yokha. Nyumba ili ndi adiresi yakeyake, koma ine mwini wake ndilibe msewu wofikira.

Ndinaimbira kampani ya foni yangayo kufunsa ngati angandiyatsire IPv6. Mtsikana amene anandiyankha anali waulemu kwambiri. "Pepani bambo, mukutanthauza 5G?" Nditafotokoza, anati akafunsa kwa akuluakulu. Iyeyo sindimuimba mlandu, anthu amamufunsa za mabandulo othera msanga ndi ndalama zotumizidwa molakwika, za maadiresi samva. Koma funso lakelo likuonetsa pamene tili. Anthu amasokoneza zinthu ziwirizi, pamene 5G ndi nkhani ya mafunde a pakati pa foni ndi nsanja, ndipo IPv6 imatheka ngakhale pa 4G imene tili nayo kale kuno ku Salima.

Zifukwa zochedwera ndimazimvetsa, ngakhale sizinditonthoza. AFRINIC, bungwe logawa maadiresi mu Africa lomwe lili ku Mauritius, linali lomaliza mwa mabungwe asanu otere a padziko lapansi kuchepekedwa IPv4, ndiye makampani a kuno sanaone moto msanga ngati anzawo a ku Asia. CGNAT imagwira ntchito mokwanira kwa kasitomala wongoonera mavidiyo. Zipangizo za netiweki zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense angaone kuti kampani iyamba yakonza majenereta a pa nsanja isanaganize za chinthu chimene makasitomala sakuchipempha. Komabe mabokosi a CGNAT nawonso amagulidwa ndi madola omwewo, ndipo amafunika kukulitsidwa makasitomala akamachuluka. Mafoni a Android ndi iPhone amene ali m'matumba mwathu amadziwa kale IPv6, akungodikira. Ndikanakonda MACRA itamafunsa makampani za ichi monga imafunsira za ubwino wa netiweki, chifukwa wachinyamata wa ku Chipoka kapena Lifuwu amene akufuna kuphunzira kuyendetsa seva yake kunyumba akutsekeredwa ndi khoma lomweli, ndipo iye dishi sangaikwanitse.

Pakadali pano ndimadzera njira yokhota. Tinaika pulogalamu yotchedwa Tailscale pa kakompyuta ka kunyumba ndi pa foni yanga, ndipo imalumikiza ziwirizi ngakhale pali CGNAT. Imagwira, koma nthawi zina chithunzi chimachedwa kutseguka chifukwa cha netiweki ya kumene ndili, ndipo ndi chinthu chinanso chofunika kuchisamala. Pulogalamu imene imabwera ndi makamera ndinaikana, chifukwa sindifuna zithunzi za pakhomo panga zizidutsa pa maseva a anthu amene sindikuwadziwa.

Amene mukusankha intaneti ya pakhomo kuno ku Salima kapena ku Nkhotakota, lowani mu rauta muone adiresi ya WAN, imene rautayo yalandira kuchokera ku kampani ya intaneti. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikasiyana ndi imene Google ikukuonetsani mukafunsa adiresi yanu, muli kumbuyo kwa CGNAT. Ngati muli ndi makamera, kapena ana amene amasewera magemu ndi anzawo pa intaneti, funsani wogulitsayo mafunso awiri musanalipire: kodi amapereka IPv6, nanga adiresi ya IPv4 ya inu nokha amaigulitsa zingati pamwezi. Akakuyankhani kuti inde, muwapemphe akuonetseni pa rauta pomwepo m'shopumo.