Anki pophunzira Dativ wa Chijeremani: imathandiza, koma makhadi mulembe nokha

Chijeremani chimayamba kulimba tsiku limene muona kuti die Frau yasanduka der Frau m'chiganizo chonga "Ich spreche mit der Frau". Mumakhala mutaloweza kale kuti der ndi wa maina achimuna, ndiye n'chifukwa chiyani waima kutsogolo kwa dzina lachikazi? Ameneyo ndiye Dativ, gawo la galamala limene limasintha timawu ta kutsogolo kwa dzina pambuyo pa aperekezi ndi aneni ena. Pa zida zonse zimene ndagwiritsa ntchito pa gawo limeneli, chimene ndingauze mnzanga kuti aike pa foni lero lomwe ndi Anki.

Anki ndi pulogalamu ya makhadi olowezera zinthu, imene Damien Elmes anaitulutsa mu 2006. Imakuonetsani funso, muyankha m'mutu, kenaka muona yankho n'kudina limodzi mwa mabatani anayi: Again, Hard, Good kapena Easy. Khadi limene lakuvutani limabweranso posachedwa, limene mwaligwira bwino limatha masabata kapena miyezi lisanaonekenso. Maziko ake ndi akale. Katswiri wa za maganizo Hermann Ebbinghaus anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala msanga zimene wangophunzira kumene ngati sazibwereza, ndipo njira yowerengera masiku imene Anki yakhala ikugwiritsa ntchito inachokera pa SM-2, imene anaikonza ndi Piotr Woźniak wa pulogalamu ya SuperMemo. Kuyambira mu 2023 muli njira inanso yatsopano, FSRS, imene mungaitsegule nokha. Pa kompyuta pulogalamuyi ndi yaulere, pa Android AnkiDroid ndi yaulerenso, koma ya pa iPhone imagulidwa. Imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti.

Dativ imayenderana bwino ndi pulogalamu yotere chifukwa mbali yake yaikulu ilibe chifukwa choti n'kuchifufuza, imangofuna kuzolowera. Der ndi das amakhala dem, die amakhala der, ndipo pa maina ochulukitsa die amakhala den, dzinalo kawirikawiri n'kulandira -n kumapeto: mit den Kindern. Aperekezi awa, aus, außer, bei, mit, nach, seit, von, zu ndi gegenüber, amatsatiridwa ndi Dativ nthawi zonse. Zonsezi mungazilembe pa kapepala kamodzi n'kuziloweza madzulo amodzi. Vuto limabwera poyankhula, pamene mulibe mpata woyamba mndandanda kuchokera pa aus kuti muone ngati zu alimo.

N'chifukwa chake sindilimbikitsa makhadi amene amangofunsa kuti "mit amatenga chiyani?" kumbuyo n'kulemba kuti Dativ. Makhadi otere mumawakhoza onse, koma pakamwa sipasintha kanthu. Chimene chimagwira ntchito ndi khadi la mtundu wa Cloze, limene limabisa mawu amodzi m'chiganizo chathunthu. Ndimalemba "Ich fahre mit dem Zug nach Hamburg" n'kubisa dem. Ndimalemba "Sie wohnt seit einem Jahr bei ihrer Tante" n'kubisa einem pa khadi lina, ihrer pa lina. Yankho ndimalitchula mokweza, chiganizo chonse, ndisanadine batani. Pakapita nthawi khutu lenilenilo limayamba kukana "mit den Zug" musanaganize n'komwe za lamulo. Timawu tophatikiza mperekezi ndi dem kapena der, im, am, zum, zur, beim ndi vom, timalowanso m'mutu mwa njira yomweyi: zum Arzt, zur Schule, beim Essen.

Pa AnkiWeb, tsamba la pa intaneti la Anki, pali makhadi ambirimbiri a Chijeremani olembedwa ndi anthu ena, oti mungotenga. Ena ndi abwino pa mawu atsopano. Koma pa Dativ ndimaona kuti khadi limene walemba wekha, kuchokera m'chiganizo chimene wakumana nacho powerenga kapena chimene mphunzitsi wakukonzera, limakhazikika kuposa lolembedwa ndi munthu wina. Polilemba umayamba wadzifunsa kuti dem ameneyu wabwera chifukwa cha chiyani, ndipo kudzifunsa kumeneko ndi theka la phunziro.

Pali malo amodzi pamene Anki payokha singakuthandizeni, ndipo ndi pamene ambiri amagwa. Aperekezi 9 awa, an, auf, hinter, in, neben, über, unter, vor ndi zwischen, nthawi zina amatenga Dativ, nthawi zina Akkusativ, gawo lina limene der amasanduka den. Ife timati "ndili m'nyumba" komanso "ndikulowa m'nyumba", mu yemweyo osasintha, mneni ndiye amanena zonse. Mjeremani amati "Ich bin im Haus" koma "Ich gehe ins Haus". Funso likakhala Wo, kutanthauza pamene chinthu chili, ndi Dativ. Likakhala Wohin, kumene chikulowera, ndi Akkusativ. Ambiri amafupikitsa lamuloli kuti pakakhala kuyenda ndiye Akkusativ, koma si zoona. "Die Kinder laufen im Park" muli kuthamanga ndithu, koma anawo ali m'paki momwemo, choncho ndi Dativ. "Die Kinder laufen in den Park" ndiye kuti anali kunja, akuthamangira m'katimo. Izi muyenera kuzimvetsa kaye, kwa mphunzitsi kapena m'buku la galamala, makhadi abwere pambuyo. Mukazimvetsa, lembani makhadi awiriawiri: "Ich stelle die Tasse auf den Tisch" pamodzi ndi "Die Tasse steht auf dem Tisch", chimodzimodzi legen ndi liegen, setzen ndi sitzen. Khadi limodzi lopanda linzake limakuphunzitsani kuloweza kuti Tisch amayenda ndi dem basi, zomwe zidzakusokonezani mtsogolo.

Pa aneni, olankhula Chichewa tili ndi poyambira pabwino. Tikati "ndagulira mwana buku", kachidutswa ka -ir- kamatiuza amene walandira phindu. Chijeremani chimachita zomwezo posintha kamawu ka kutsogolo kwa dzina: "Ich kaufe dem Kind ein Buch". Koma kufananaku sikufika patali. Helfen, danken, gefallen, gehören, antworten ndi gratulieren amafuna Dativ, pamene fragen ndi anrufen amafuna Akkusativ. Mumati "Ich helfe dir" koma "Ich frage dich". Apa Anki ndi yofunika kwambiri, chifukwa palibe njira ina koma kubwereza. Chimodzimodzi aneni amene ali ndi mperekezi wawowawo, pamene funso la Wo ndi Wohin silithandiza: warten auf amatenga Akkusativ, Angst haben vor amatenga Dativ. Ndimaikamonso maina ochepa aja amene amalandira -n kapena -en, monga mit dem Studenten ndi mit dem Herrn.

Maonekedwe a pulogalamuyi ndi osakopa. Mulibe tizithunzi tosangalatsa kapena mphoto, ndipo tsiku loyamba zosankha zake zimachuluka. Ine zimenezo sizindidetsa nkhawa, koma amene amafuna chomukoka kuti abwerere tsiku lililonse adziwiretu. Adziwenso kuti Anki simva katchulidwe kanu, ndipo khadi mukalilemba molakwika idzakulowezetsani cholakwikacho mokhulupirika, choncho chiganizo chilichonse chichokere pamalo odalirika.

Ikangoikidwa kumene, Anki imapereka makhadi atsopano 20 pa tsiku. Pa ziganizo zathunthu chiwerengerochi n'chachikulu, chifukwa khadi lililonse latsopano limadzabweranso kangapo, ndipo mukadumpha masiku angapo mumapeza mulu ukukudikirani. Chitsitseni kufika pa 8 kapena 10. Yambani ndi mit, zu ndi bei, amene mumawafuna m'ziganizo zambiri za A1, gawo loyambirira la maphunziro a Chijeremani, ndipo aperekezi 9 osinthasintha aja muwalowetse pokhapokha mutatha kufotokoza nokha kusiyana kwa im Park ndi in den Park.